Matumba Awiri a Dzina Limodzi

Kalekale, mlamu, zilembo zisanalowe m'mafoni, zinkasemedwa pamtengo. Unkazigwira m'manja, n'kumva fungo la mlombwa. Ukafuna kulemba chikwangwani, unkapaka utoto pachilembo n'kudinda. Ha, masiku amenewo!

Nyama zonse zinali ndi nkhokwe imodzi ya zilembo. Woisunga anali Kamba. Mmisiri aliyense akasema zake, ankaziika m'thumba, n'kulitcha dzina lomwe wafuna. Wina Mkuntho. Wina Ndaniangandithe. Kamba ankangopachika.

Gogomole ankasema zilembo zoongoka, zaulemu, zoima ngati akulu ampingo. Thumba lake analitcha Mfumu ya Zilembo. Nkhono ankasema zopindikapindika, zovina, zija za pakhomo pa mowa. Nsanje itamugwira, nayenso lake analitcha Mfumu ya Zilembo. Kamba anangopachika.

Tsono panali Njiwa, amene anakwatiwa kumudzi kwa mwamuna wake. Mwamunayo anadwala, nadwala. Ali pamphasa anati, "Mkazi wanga, pachiliza changa mudzandilembe ndi Mfumu ya Zilembo." Ankanena zilembo za Gogomole. Atatero anatsinzina.

Apongozi ake a Njiwa sankamufuna kuyambira kale. Ankangodikira chifukwa chomuchotsera panyumba. Njiwa ankadziwa. Anati mumtima, "Chiliza chikakongola, andisiya ndikhale."

Koma namfedwa sayendayenda. Anatuma Nyani, womanga ziliza.

Nyani anafika kunkhokwe atalawako kale. "A Kamba, Mfumu ya Zilembo."

"Alipo awiri. Thumba liti?"

"Lopepukalo. Msana ndi wanga."

Kamba anangopereka.

Nyani anadinda, nadinda, n'kuphimba chiliza ndi nsalu. Njiwa anafunsa, "Zakhala bwino, achimwene?"

"Mayi, akufa ena achita nsanje."

Tsiku lovundukula linafika. Abale anadzaza manda. Nsalu ija vundu! Zilembo zija zili pinde pinde, china chakweza mwendo, china chagwira m'chiuno. Dzina la malemu likuvina! Kumbuyo wina analephera kudzigwira, anaseka. Fisi anafunsa, "Kodi chipanda cha mowa n'zingati pano?"

Apongozi anaimirira. "Manda a mwana wanga mwawasandutsa shabini? Imfa yake yakukomerani eti?"

"Amayi, ndinatchula dzina lomwe iye anatchula."

"Nyamukani."

Njiwa anatchulanso. Anatchulanso kachitatu. Palibe anamumva. Anatuluka m'mudzimo ndi mpango wokha.

Kamba atamva, zinamuwawa. Anaitana amisiri onse, natsitsa matumba onse pansi.

"Mlendo akafika timati chiyani? Ndiwe wamtundu wanji, mwana wa yani, ndiwe uti pa abale ako. Thumba nalonso chimodzimodzi. Poyamba chimene chili m'katimo. Kenako mwini. Kenako maonekedwe."

Anakweza loyamba. "Zilembo, za Gogomole, zoongoka." Anakweza lina. "Zilembo, za Nkhono, zopindika."

Nkhono anati, "Nanga ufumu wanga?"

"Kausiyeni kunyumba. Muno dzina si la mwini thumba. Ndi la wobwera kudzafuna."

Kamba yekha anasenza thumba la Gogomole. Mukudziwa mayendedwe ake. Anayenda, nayenda, mpaka mvula inagwa n'kukata. Anafika kumanda, nafufuta zovina zija, nadinda zoongoka. Dzina la malemu linaima njo.

Njiwa anamva. Anauluka, natera pamtengo wa pamanda. Anawerenga dzina la mwamuna wake, misozi ili chuchuchu. Anasuzumira kunyumba kwake kuja. Pakhomo pankasesa mkazi wina.

Sanatsike. Mpaka lero, mlamu, mukadutsa pamanda masana, mumumva m'mitengo akulira motsitsa, kuu, kuu.

Ndiye mukamatcha chinthu dzina, musamaganize za kutchuka kwanu. Muziganiza za wotumidwa, amene adzabwere kudzachitenga inu kulibe, mwinanso atalawako.

Nthano yanga, mlamu, yathera pomwepo.