Mtanda wa a Dzinkambani Utadyedwa ndi Chiswe

Kalekale, m'katchalitchi kena kaudzu kumapiri a Dedza, munali mtanda umene anasema a Dzinkambani. Yesu wake anali wa nthiti zoonekera ndi maso osatseka bwino, moti ana ankaopa kukhala kutsogolo. Ansembe anaudalitsa, ndipo Lachisanu Loyera lililonse anthu ankagwada n'kupsompsona mapazi ake.

A Dzinkambani atamwalira, chaka china anthu ali pamzere wopsompsona, mkono wa Yesu unangoti khu! pansi, fumbi lofiira n'kumakhuthuka m'nthiti. Chinali chiswe, komatu ndani akadaima kuti aonetsetse? "Mayo ine, watikana! Tafa!" Anthu anatulukira m'mawindo, wotsogolera nyimbo n'kusiya nsapato.

Msemi uja anasiya ana atatu: Liberata, Kasiyano ndi Tobiyasi.

Liberata sanathawe. Anavula chitenje, nakulunga mkono uja ngati khanda, naupsompsona. Ataona kuti sanafe, anthu anabwerera mmodzimmodzi.

Kasiyano ankagwira ntchito m'tauni, kunyumba yosungiramo zinthu zakale. Anabwera ndi mankhwala, napha chiswe chonse.

Tobiyasi, msemi ngati bambo ake, analumikiza mkono uja. Koma atagogoda pachifuwa, panalira ngati ng'oma. M'kati munali mphako yokhayokha.

Apa ndiye panabuka nkhani.

"Mukaupsompsonanso ugumuka," anatero Kasiyano. "Ndiutengere kwathu kuntchito, ukakhale m'galasi. Zidzukulu zidzaone manja a bambo."

"Achimwene, Ambuye m'galasi ngati sikono za m'golosale?" anatero Liberata. "Pambali pa mbiya ndi mikondo, anthu n'kumaloza chala osagwada? Ukhale muno, uthere pamilomo yathu."

"Udzagwenso pamaso pa anthu, mlongo wanga? Ulendo uno sadzabweranso," anatero Tobiyasi. "Chodalitsidwa chikatha sachiyanika, amachikwirira mwaulemu. Tiuike pafupi ndi manda a bambo, ine ndisema wina."

Akuluakulu a mpingo analephera kugamula. Aliyense ankaopa kuti akatchula mbali, tchimo ligwera pakhomo pake. Mtanda unagona pamphasa kuseri kwa guwa, ndipo amayi osesa ankaulambalala akunong'ona mapemphero. Lachisanu Loyera lina linali pafupi.

Tsono inu mwamvanu, mtandawu tiupereke m'manja mwa yani: wa galasi, wa milomo, kapena wa khasu?