Gulugufe wa pa Ulimbo

M'chaka cha 1912, pasukulu ina ya mishoni kunsi kwa phiri la Ntchisi, panali mphunzitsi dzina lake Solomoni. Mkuluyu ankavala jekete ngakhale dzuwa liswe mtengo, ndipo aliyense wosadziwa kulemba ankamuona ngati chitsa.

Mitengo ya mombo itayamba kuphuka masamba ofiira, kunafika dona wina ndi bokosi lojambulira la miyendo itatu. Ankafuna chithunzi cha gulugufe wamkulu wa mapiko akuda a mizere yobiriwira, yemwe saonekaoneka, koma magalasi ojambulirapo anamutsalira awiri okha. Solomoni anadziguguda pachifuwa kuti pofika Lachisanu gulugufeyo adzakhala ali patsogolo pa bokosilo. Poti donayo anali mlongo wa mbusa wa pamishoni, mumtima mwake Solomoni anali atakhala kale pampando wa woyendera masukulu.

Yoswa, mkulu wofula njuchi m'nkhalango ya m'phirimo, analangiza Solomoni kuti athire masuku owola pamwala wa kumtsinje, akhale phee masiku awiri kapena atatu, gulugufeyo adzatera yekha.

"A Yoswa, ine ndizikalondera zowola ngati nyani?" anatero Solomoni. "Nanga sukulu ndinapitiranji?"

Iye anapaka ulimbo pamaluwa. Lachinayi gulugufe anakodwadi, n'kuphupha mpaka kufa. Solomoni anamukhazika bwinobwino paduwa, n'kuwongola mapikowo ndi minga, kenaka anatsika phiri akuimba nyimbo ya m'buku.

M'mawa mwake theka la mudzi linatsatira kukaona zodabwitsazo. Dona anaimika bokosi lake, n'kulowetsa mutu m'nsalu yakuda. Anajambula galasi loyamba akumwetulira. Koma nyerere zinali zitayamba kale ntchito. Phiko limodzi linathothoka, n'kuyamba kutsika ndi tsinde pang'onopang'ono, zitalisenza ngati mtembo.

Dona anatulutsa mutu. M'Chinyanja chake chothyokathyoka anafunsa kuti, "Aphunzitsi, gulugufe wa kuno amayendetsa phiko, thupi n'kutsala?"

Solomoni, thukuta lili kamukamu m'jeketemo, anayesa kufotokoza kuti kachilomboko kanali m'tulo. Amayi a m'mudzimo anaseka mpaka kugwirana mapewa.

Galasi lotsalalo dona anapita nalo kumtsinje ndi Yoswa. Anakhala pansi masiku atatu, udzudzu ukuwaluma, ndipo tsiku lachitatu masana gulugufe wamoyo anatera pamasuku aja, n'kutambasula mapiko.

Solomoni sanachione chithunzicho. Akulu ampingo anamuimitsa pa mgonero chifukwa cha bodza, ndipo anamutumiza kukasukulu ka udzu cha ku Dzoole. Mbiri inamutsogolera. Tsiku lomwe anafika, mayi wina anamufunsa mwaulemu, atagwada, ngati nkhuku yake yomwe inafa dzulo lake nayonso inali m'tulo.

Mabuku onse omwe anawerenga sanamuuze zomwe wofula njuchi ankadziwa: kuona maso a nkhono n'kudekha.