Mlimi Amene Anawongola Mtsinje

Panali mlimi wina amene dimba lake linali pamene mtsinje umakhota ngati chigongono. Chaka chilichonse mvula ikakula, madzi ankafika pokhotapo, n'kuchepetsa liwiro, n'kusefukira m'dimba mwake. Ankakhalamo masiku awiri kapena atatu, kenako n'kuphwa. Bamboyu zinkamuwawa kwambiri, chifukwa chimanga chake chinkagona m'matope cha anzake chili chiimire.

Chilimwe china anati zakwana. Anazula bango lonse la m'mphepete, nakumba ngalande yowongoka yodula chigongono chija. Dothi lake analiunjika kumbali ya dimba pamodzi ndi matumba a mchenga, mpaka khoma linafika m'chifuwa. Inamutengera miyezi itatu, ndipo ndisaname, inali ntchito yooneka bwino. Odutsa ankaima n'kumayamikira, mwini wake n'kumadzimva shuga.

Mlamu wake yekha ndiye anafunsa kuti, "Alamu, madzi ankagona kwanuwa, chaka chino akagona kwa yani?"

"Akadziwa okha," anatero mlimi uja. "Mtsinjewu si wanga."

Kumunsi kwa dimbalo, pamalo otsika, kunali nyumba ya mwana wake wamkazi, Filesi, amene anali ndi khanda la milungu iwiri.

Mu Januwale mvula inagwa masiku anayi osakata. M'mawa wa tsiku lachisanu mlimiyo anakwera pakhoma lake. Kumbuyo kwake chimanga chinali bwinobwino, chitamasula ngayaye. Koma mtsinje, posowa pokhota ndi popumira, unkathamanga m'ngalande muja ngati ng'ombe yolusa, n'kukagunda gombe la kumunsi. Atayang'ana uko, anaona madzi atazungulira nyumba, Filesi ataima pakhomo, khanda atalikweza paphewa. Madzi anali atamufika m'mawondo, ndipo pakati pa bambo ndi mwana panalibe powolokera.

"Ababa! Madzi alowa m'nyumba!"

Mantha anamugwira bamboyo. Anatola khasu nayamba kugumula khoma lake. Atachotsa matumba atatu, otsalawo madzi anachotsa okha, nakhuthukira m'dimba. Chimanga chonse chinamira iye akuona. Kumunsi kuja madzi anasiya kukwera, ndipo pofika masana Filesi anatuluka ndi khanda lake. Chaka chimenecho mlimiyo sanakolole kanthu, koma sanakumbe manda.

Tsono inu anzanga amene mwabwera ndi makasu kuti titchinge mtsinje wathuwu, sindikukuletsani. Khoma limathandiza ndithu. Koma khoma silimwa madzi, limangowakankhira kwina, ndipo kwinako kumakhala anthu. Tisanaponye khasu loyamba, tiyeni titsike kumunsi tikaone nyumba zili kumeneko ndi amene amagonamo. Mlimi uja anachita mwayi, kukuwa kwa mwana wake kunamufika. Wakumunsi kwanu akhoza kudzakuwa inu osamumva.