Majasi Oyera a Telala Chimphonda

Mwambi uliwonse uli ndi mwini wake, munthu amene anayamba kupsa chala kuti ena aphunzire kuopa moto. Wa lerowu ena amati ndi wamakedzana, ndipo sindilimbana nawo. Koma ife a pa Mponela timalidziwa khonde limene unachokera, komanso mayi amene anauvutikira. Dzina lawo linali Nangozo, ogulitsa tomato pamsika.

Amuna awo, a Chimphonda, anali telala wa pakhonde la golosale, ndipo ntchito ankaidziwa, zimenezo tisawamane. Anali ndi khalidwe limodzi lodziwika dera lonse. Ukawapatsa chovala chilichonse, asanachiyamikire ankayamba achitembenuza n'kuyang'ana msoko. "Chovala ndi m'kati," ankatero.

Mwana wawo Tinyade anakhoza bwino kwambiri mayeso a Fomu 4, ndipo chimene ankafuna chinali chimodzi, udokotala. Mphunzitsi wake wa sayansi, Mayi Kaliwo, anafika pakhomo kudzalongosola njira yake. Anati kusukulu ya udokotala salowa ndi chilakolako chokha. Mwana ayambe wapita ku koleji kumene amaphunzitsa kemisitiri, bayoloji ndi fizikisi, akugwira zinthu ndi manja mu labotale, komanso kumene zotsatira zake a sukulu ya udokotala amazivomereza. Mwamwayi Tinyade anasankhidwa ku koleji yakale ya boma, yamakoma osuluka koma yokhala ndi zonsezo. Nangozo anavina mpaka kutaya tomato.

Tsoka linabwera pagalimoto. Bambo wina wovala tayi anaima pakhonde n'kupereka oda ya majasi oyera makumi anayi, a ophunzira a koleji yatsopano ya mumzinda. A Chimphonda anawasoka mosamala, ndipo monga mwa chizolowezi chawo, thumba lililonse analitseka ndi kaulusi kofiira kuti lisayasame jasilo lisanavalidwe. Patatha milungu iwiri bambo uja anabweranso ndi pepala lonyezimira. Pachithunzipo panali nyumba yamagalasi okhaokha, kapinga wobiriwira, ndi anyamata ndi atsikana atavala majasi aja akumwetulira.

Basi, a Chimphonda mutu unabalalika. Pepalalo analikhoma pamwamba pa makina awo osokera.

"Mwana wanga akupita uku," anatero tsiku lomwelo atafika kunyumba. "Taonani, ana angoyamba kumene koma avala kale ngati madokotala."

"Bambo a Tinyade, mwafunsa ngati ana a kumeneko amatengedwa kusukulu ya udokotala?" anafunsa Nangozo.

"Ndifunse chiyani? Majasiwa ndasoka ndine."

"Ndiye poti mwasoka ndinu, akhala madokotala?"

"Amayi, inu mumadziwa za tomato. Za sukulu tisiyireni."

Zaka makumi awiri ndi zitatu Nangozo anakhala akupirira mwamuna amene sagula ngakhale mpango asanaufufuze, ndipo lero mwamuna yemweyo wasankha tsogolo la mwana pachithunzi! Anaitanitsa Mayi Kaliwo, amene anati dzina la kolejiyo sanalionepo pa mndandanda wa makoleji ovomerezeka. A Chimphonda anati imeneyo ndi nsanje ya aphunzitsi osauka. Anaitanitsa malume ake a mwanayo, koma malumewo ataona magalasi aja nawonso anayamba kugwedeza mutu movomereza, n'kupempha kuti awapezereko pepala lawo. Nangozo anakwiya mpaka anakana kuwaperekeza.

Tinyade yekha anayesa kulankhula. "Ababa, malo a ku boma aja ndikapanda kupita Lolemba apatsa wina."

"Apatse. Iwe sukagona m'nyumba zothimbirira ngati khitchini ya masiye."

Mwana woleredwa bwino salimbana ndi bambo ake. Lolemba linadutsa, malo anapita, ndipo Tinyade ananyamula sutikesi kulowera kumagalasi.

Mwezi woyamba anaimba foni. Anati amaphunzira ndithu, koma chilichonse amangokopera pabolodi. Wachiwiri anati labotale amangoiona chitseko, chifukwa akuti zipangizo zili m'njira. Wachitatu mawu ake anali atazilala, ndipo anangoti, "Amama, ine ndatopa." Nthawi zonse a Chimphonda ankayankha kuti ana a masiku ano alibe chipiriro.

Apa Nangozo chinawakwana. M'mawa wina anavundikira tomato wawo, anapita pakhonde paja n'kugwira gudumu la makina likuzungulira.

"Lero simusoka. Tiyeni tikaone madokotala anu aja."

"Amayi, anthu akutiona."

"Atione. Mukakana ndikhala pompano mpaka dzuwa kulowa, ndipo aliyense wobwera ndi nsalu ndimufotokozera."

Anakwera minibasi. Atafika, kunena zoona malo anali okongola kuposa pachithunzi. Pakati pa bwalo panali mtengo waukulu wa mkuyu, nkhuyu zitapsa kuti psuu. A Chimphonda anayang'ana akazi awo ndi diso lakuti mwaonatu. Bambo wa tayi uja, amene anali mkulu wolembetsa ophunzira, anawalandira ndi manja awiri, anawaonetsa holo, mipando yofewa ndi kasupe wotumphuka madzi.

"Zikomo, taona," anatero Nangozo. "Tsopano tionetseni labotale."

"Makiyi ali ndi mnzathu amene wachokapo."

"Tidikira. Tabwera ndi chimanga chokazinga."

Nangozo anakhaladi pansi pakhomo pomwepo, miyendo tambalale, Tinyade ali chiimire pambali pawo mwamanyazi. Ophunzira ena anayamba kusonkhana. Bamboyo ataona kuti mayiwa sasuntha, makiyi aja anapezeka m'thumba mwake momwe.

M'chipindamo munali matebulo atatu afumbi ndi mpopi wopanda madzi. Munalibe botolo ngakhale limodzi, ngakhale makina aja oonera tizilombo. Kukhoma kunali majasi oyera atapachikidwa pamzere.

"Ophunzira athu amavala amenewa tsiku ndi tsiku," anatero bamboyo mofulumira.

A Chimphonda anayandikira majasiwo. Manja awo anachita okha zimene anazolowera. Anatsitsa jasi limodzi, analitembenuza, anayang'ana kolala ndipo inalibe litsiro la khosi la munthu. Anapisa dzanja m'thumba, dzanja linakana. Kaulusi kofiira kaja kanali pomwepo. Anatsitsa lachiwiri, lachitatu, mpaka onse makumi anayi, ndipo panalibe ndi limodzi lomwe limene munthu anaikamo cholembera. Majasiwo anavalidwa tsiku limodzi lokha, lojambulitsa.

A Chimphonda anatuluka n'kukakhala pansi pa mkuyu uja. Nangozo anali atasunga mawu okwana dengu lonse, koma ataona nkhope ya amuna awo anawameza, chifukwa mkwiyo unasanduka chisoni. A Chimphonda anatola nkhuyu imodzi yofiira bwino, anaibanthula ndi zala, ndipo nyerere zinabalalika m'dzanja mwawo.

"Chikomekome cha mkuyu," anatero motsitsa, "m'kati muli nyerere." Kenako anatembenukira kwa mwana wawo. "Tinyade, malo ako aja ndinataya ndine. Katenge katundu wako."

Kupepesa sikubweza Lolemba. Tinyade anakhala pakhomo chaka chathunthu, akuthandiza kusokerera mabatani pakhonde, anzake akubwera kutchuthi ndi nkhani za ku koleji. Nangozo ankamumva akulira kuseri kwa nyumba, ndipo masiku amenewo a Chimphonda ankadya maso ali pansi. Chaka chotsatira analemberanso ndipo anatengedwa ku koleji yosuluka ija. Ulendo uno bambo ake anapita nawo, ndipo akuti anatopetsa aphunzitsi ndi mafunso mpaka kutsegula mpopi uliwonse wa mu labotale. Patapita zaka, Tinyade analowa sukulu ya udokotala. Jasi lake loyamba anasoka ndi a Chimphonda, ndipo kaulusi ka m'matumba anadula okha asanamupatse.

Mawu a pansi pa mkuyu aja anafala ndi ophunzira amene anawamva, mpaka lero timati: chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Tanthauzo lake n'lakuti chinthu chikhoza kukongola kunja pamene m'kati ndi chowola, choncho usachikhulupirire usanachibanthule. Inu amene mukusankha sukulu, funsani kumene anapita ana amene anaphunzirapo kale, ndipo akakuuzani kuti makiyi achokapo, khalani pansi mudikire. A Chimphonda ankaidziwa nzeru imeneyi kuposa tonsefe. Anangoiiwala tsiku limodzi, ndipo amene analipira ndi chaka cha moyo wake anali mwana.