Chipanda cha Abiti Mdoka

Itatha swala ya Asiri, pemphero la chakumadzulo lija, Che Sumani anawapeza Shehe Twaliki kuseri kwa nyumba yawo ku Ntaja, atapinda mkanjo, akupalira ndiwo zamasamba. Che Sumani anali atangobwera kumene kuchokera ku Joni, komwe anasamala maluwa a mzungu zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo chibwerereni panalibe mlimi kumudzi amene ankamuona ngati mlimi. M'manja ananyamula mapaketi a mbewu okhala ndi zithunzi zonyezimira.

Atapatsana salamu, anayala mapaketiwo pamphasa.

"Shehe, ndabwera ndi zinthu ziwiri. Choyamba, mundichitire duwa, pemphero la madalitso, pa mbewuzi. Chachiwiri, mukalankhule ndi mayi a kunyumba kwanga, Abiti Mdoka. Ndikufuna kadimba konse ka pakhomo ndidzalemo izi: kabichi, letesi, maluwa achizungu. Iwo akakamira chipanda chawo cha mbewu zachikale zothira phulusa, chimene chimalendewera pautsi kukhitchini. Ndawauza kuti mawa ndichitaya."

Mtima unali ukumuwawadi munthuyu. Kubwera ndi nzeru kuchokera kutali konseko, n'kukanidwa pakhomo pako pomwe!

Shehe anapukuta manja, natola paketi imodzi n'kuiyang'anitsitsa.

"Duwa ndichita, Che Sumani, pakuti womeretsa ndi Allah. Koma ndiloleni ndifunse, ine za mbewu zakunja sindizidziwa. Kodi izi munazionapo zitapirira dzuwa la Okotobala la kuno?"

"Kuno ayi. Koma taonani chithunzicho."

"Ndachiona, n'chokongola. Paja ife nkhani sitiilandira tisanadziwe amene waibweretsa ndi amene akumuikira umboni. Mbewu yachilendo ine ndimaipatsa bedi limodzi, m'mphepete. Ikapirira chilimwe kawiri, ndiye ndimaionjezera malo."

Che Sumani anaseka pang'ono, kuseka kwa munthu amene wagwira mphunzitsi akulakwitsa. Anaimirira n'kuloza mabedi a Shehe. Mpiru unali bii, masamba ngati zikhatho. Timatimati ting'onoting'ono tinali psuu, ndipo m'mbali monse munali maluwa achikasu aja afungo lamphamvu, amene alimi amati amathamangitsa tizilombo.

"Pepani Shehe, koma inu nomwe mukundiikira umboni. Ine ntchito iyi ndimaidziwa. Mpiru wotere sutuluka m'chipanda cha phulusa. Iyi ndi mbewu ya m'sitolo, ndipo yapamwamba. Ndiuzeni dzina lake, ndikawatseke pakamwa mayi aja."

Shehe anabweza paketi ija pamphasa. Sankakonda kuchititsa munthu manyazi, koma chipanda chija chinali chitatsala ndi tsiku limodzi.

"Mwaona bwino, mbewuyi ndi yapamwamba," anatero mofatsa. "Chaka chachiwiri muli ku Joni, ine ndinadzala za m'mapaketi dimba lonseli, monga mukufunira inumu. Okotobala atafika zonse zinapserera, pakhomo pano panasowa ndi tsamba lomwe. Ndiye kunabwera mayi wina ndi mbewu atamanga pakansalu, zili mbuu ndi phulusa, nati ndi zimene anasiya amayi awo. Mpiru uwu, matimati awa, maluwa awa, zonsezi ndi zidzukulu za mbewu zimenezo. Dzina la mbewu mwafunsalo sindilidziwa, Che Sumani. Kafunseni Abiti Mdoka, musanataye chipandacho."