Adzukulu a ku Kalichero

Kalekale, mafumu akadali kulankhulana ndi mikondo, kunali kadziko kena, dzina lake Kalichero.

Kanali kakang'ono. Kakang'ono zedi. Tambala akalira ku Kalichero, ankadzutsa anthu a m'maiko ena. Munthu wamtali akagona chotambalala, mapazi ankalowa m'dziko la eni. Koma kanali dziko ndithu, ka malire akeake, ka mfumu yakeyake, ndipo sikankagwadira munthu.

Mfumu yake inali Kamtedza, nkhalamba yofatsa. Mkondo wake ankagwetsera masau. Asilikali ake anali anayi, ndipo mmodzi anali wotsimphina.

Kuvuma kunali dziko lalikulu la Mfumu Chiphwanya. Kuzambwe kunali dziko lalikulu la Mfumu Gwaza. Awiriwa sankamwerana madzi. Ndiye njira yachidule yoti wina akamuthire mnzake nkhondo inkadutsa pa Kalichero pomwepo.

Tsiku lina kunafika amithenga awiri, wina kuchokera kuvuma, wina kuzambwe.

Wa kuvuma anati, "Akuti a Chiphwanya, mwezi uno ukafa mukhale anthu awo. Apo ayi, moto."

Wa kuzambwe anati, "Akuti a Gwaza, mwezi uno ukafa mukhale anthu awo. Apo ayi, moto."

Basi, nabwerera.

Dziko lonse linasonkhana, nilikwana pa mphasa zitatu. Wina anati tigwadire kuvuma. Wina anati tigwadire kuzambwe. Wotsimphina uja anati timenye nkhondo, anthu nangomuyang'ana mwendo.

Kamtedza anati, "Tikagwadira uyu, atiotcha uyo. Tikagwadira uyo, atiotcha uyu. Ndani apite akatilankhulire?"

Amuna onse anawerama, nayamba kuyang'ana zala zakumapazi.

Pamenepo panaimirira mayi wina, dzina lake Nachisale, mwana ali kumbuyo. Anati, "Nditumeni ine, mfumu."

Mwamuna wake anamukoka nsalu. "Iwe, khala pansi. Ukazembe ndi wa amuna."

"Amunawo ali kuti, bambo a mwana? Ine ndikungoona anthu owerenga zala."

Kamtedza anaseka. Anavula chibangiri chake namuveka, kuti kulikonse akafike adziwe kuti uyu ndi kazembe wa Kalichero.

Nachisale anasenza dengu la mtedza, nalowera kuvuma. Anayenda, anayenda, mpaka pa chipata cha Chiphwanya.

Mlonda anati, "Wachokera kuti, mayi?"

"Ku Kalichero."

"Ku Kalichero? Ndinadutsako dzana. Ndinangoyetsemula, potsegula maso ndinali nditatulukamo kale! Khala apo udikire."

Anadikira tsiku loyamba. Anadikira tsiku lachiwiri. Koma Nachisale sankangokhala, maso anali pantchito. Anaona kuti pa chipata chimenecho sipalowa mlendo. Palibe wobwera ndi mphatso, palibe wodzaona odwala, palibe ngakhale wodzabwereka musi.

Anafunsa mayi wina wochokera kotunga madzi, "Amayi, anansi a dziko lino ali kuti?"

Mayiyo anayang'ana uku ndi uku, nanong'ona, "Anansi? Akumpoto mfumu inawaotcha. Akummwera inawaotcha. Kwatsala phulusa."

Nachisale anangoti, "Oho."

Tsiku lachitatu kunamveka mfuu kunyumba ya mfumu. Mayi wake wa Chiphwanya anali atatsirizika.

Tsono iwe mwambo wathu ukuudziwa. Munthu saika maliro ake yekha. Mwana sakumbira mayi wake manda. Pamafunika adzukulu, anthu apadera: ndiwo amasambitsa, ndiwo amakumba, ndiwo amanyamula. Ndiye kalelo maliro a kunyumba ya mfumu sankaikidwa ndi anthu a mfumuyo, pakuti onsewo ndi ana ake. Ankaikidwa ndi anthu a dziko lina, a mfumu yawoyawo.

Chiphwanya anatuma anthu kumpoto. Anakapeza phulusa. Anatuma kummwera. Phulusa. Kwa Gwaza sakanayerekeza n'komwe. Maliro anagona tsiku limodzi. Anagona lachiwiri. Ntchentche zinayamba kudziwa njira ya kunyumba ya mfumu, ndipo akazi olira anayamba kulirira patali.

Nachisale anasiya dengu lake pachipata pomwepo, namanga mwana molimba, liwiro la kumudzi.

Anafika akufuula, "Makasu! Tengani makasu!"

Wotsimphina uja anati, "Nkhondo yafika?"

"Maliro!"

Mwamuna wake anati, "Tikakumbire anthu amene akufuna kutiotcha?"

"Eya. Ndipo mutenge lakuthwalo, osati lobuntha lija mumanamizira nalo kulima."

Ananyamuka onse, amuna ndi makasu, akazi ndi mitolo ya nkhuni, akuimba m'njira:

Kalichero, Kalichero,
mkondo tilibe, tili ndi khasu.
Wamkulu akagona, adzutsa ndani?
Khasu, khasu, khasu la Kalichero!

Mlonda woyetsemula uja atawaona, anatsegula chipata ndi manja awiri, nagwada.

Akazi anasambitsa. Nachisale anathyola bango nayeza thupi. Amuna anakumba. Ananyamula, anaika, anakwirira, naunda bwino mtumbira. Dzuwa lisanapendeke, mayi wa mfumu anali atagona m'nyumba yake.

Ndiye ukudziwa, adzukulu akatha ntchito sakhala ndi mlandu. Amagwira nkhuku, amatola chilichonse, amanyoza aliyense, kuti ofedwa aseke. Wotsimphina uja anathamangitsa mbuzi ya mfumu, naigwira, anthu n'kudabwa kuti mwendo wachira liti. Nachisale anapita n'kukakhala pa mpando weniweni wa Chiphwanya, nayamba kuyamwitsa mwana.

Anati, "Iwe Chiphwanya, mayi ako andinong'oneza posambitsa paja. Akuti unkanyowetsa mphasa mpaka unamera ndevu."

Asilikali anakweza mikondo.

Mlongo wake wa mfumu anakuwa, "Tsitsani! Mdzukulu salasidwa!"

Chiphwanya anamuyang'ana Nachisale. Anamuyang'ana. Kenako anaphulika kuseka, mpaka misozi ya kuseka inasakanikirana ndi ya maliro.

Atapukuta m'maso anati, "Mwandichotsa manyazi. Mwezi ukafa, mudzakhala anthu anga okondedwa kuposa onse."

Nachisale anati, "Ayi, mfumu. Tikakhala anthu anu, takhala ana anu. Mwana saika kholo. Nanga tsiku lanu likadzafika, adzakukumbirani ndani? Fisi?"

Chiphwanya anayang'ana kumpoto. Anayang'ana kummwera. Anayang'ana kumanda kuja. Ndipo anati, "Kalichero akhale Kalichero."

Nachisale anati, "Ndipo munthu sadutsa ndi mkondo pakhomo pa adzukulu ake."

"Sadutsa."

Anthu a ku Kalichero anabwerera kwawo, mbuzi ili patsogolo.

Koma mawu alibe malire. Gwaza anamva. Anati, "Agwirizana ndi mdani wanga! Sindidikiranso mwezi." Anaitana asilikali ake onse.

Tsono Gwaza ankaopa munthu mmodzi yekha pa dziko lapansi: mayi wake, Nangozo, nkhalamba yosayendanso. Nangozo anali atamva za ntchentche zija. Anati, "Ndinyamuleni pamachila, ndikaone nawo." Palibe anakana.

Asilikali anafika pamalire, ochuluka ngati linthumbwi. Anthu a ku Kalichero anabisala kuseri kwa nkhokwe. Nachisale yekha anatuluka, mwana kumbuyo, chibangiri pamkono, bango m'manja.

Anayenda mpaka pamene panaima Gwaza. Anagwada nawomba m'manja. Kenako anaimika bango pa chidendene cha mfumu, naliyendetsa mpaka paliwombo, nalemba ndi chikhadabo.

Gwaza anati, "Ukuchita chiyani, mkazi iwe?"

"Ndikukuyezani, mfumu. Kwa anzanu kuja tinachedwa, maliro anagona mpaka kuitana ntchentche. Kwa inu tifuna tikonzekeretu. Imani bwino, mukupindika."

Gwaza anakweza mkondo.

Nachisale anati, "Lasani. Koma anansi amene munali nawo, nanunso munawaotcha. Akumpoto sadzabwera. Akummwera sadzabwera. A Chiphwanya sadzabwera. Tatsala ife."

Pamachila panamveka mawu, "Gwaza, tsitsa chimenecho. Iwe mwana, bwera kuno undiyeze ine. Ndine ndili pafupi."

Nachisale anathyola bango lina, nawayeza Nangozo bwinobwino.

Nangozo anati, "Mudzandisambitse ndi madzi ofunda. Ozizira sindigwirizana nawo."

"Ofunda, amayi, ndi mafuta a nsatsi pamwamba."

Nkhalamba inatembenukira kwa mwana wake. "Wamva? Ukaotcha kadziko aka, ine ndidzagona ndi ntchentche ngati mnzanga uja. Ndinakuberekera zimenezo?"

Gwaza anatsitsa mkondo pang'ono. Anati, "Koma awa ndi anthu a Chiphwanya."

Nachisale anati, "Sindife anthu a munthu, mfumu. Ndife adzukulu. Khasu silisankha dothi. Kuvuma tikumba, kuzambwe tikumba. Koma udzukulu ndi wobwezerana. Kwathu kukagwa zovuta, inunso mubwera ndi khasu. Mkondo muusiya kunyumba."

Gwaza anayang'ana mayi wake. Mayi wake anamuyang'ana iye. Mkondo unafika pansi.

Anati, "Kalichero akhale Kalichero."

Asilikali anatembenuka, nabwerera kwawo. Wotsimphina uja anatuluka kuseri kwa nkhokwe akufuula, "Tawathamangitsa! Tawathamangitsa!"

Mwezi unafa, wina unakhala. Kalichero anali pomwepo.

Nangozo atatsirizika, anasambitsidwa ndi madzi ofunda tsiku lomwelo. Kuchokera pamenepo, kazembe wa ku Kalichero akafika pa chipata chilichonse, sankadikiranso panja. Ankamuyalira mphasa yatsopano.

Zaka zinapita. Tsiku lina nayenso Kamtedza anagona osadzuka. Uthenga unapita kuvuma, unapita kuzambwe.

Chiphwanya anabwera ndi khasu. Gwaza anabwera ndi khasu. Anakumana kumanda, aliyense akuyang'ana kumbali. Koma manda ndi amodzi, dzenje ndi limodzi. Analowamo onse awiri, misana kugundana, thukuta kusakanikirana.

Pamwamba panaima Nachisale, imvi zitayamba, bango m'manja.

"Pakhota apo, a Gwaza. A Chiphwanya, dothilo mukuthira mnzanu m'khosi. Mafumu athunthu kulephera kukumba dzenje limodzi?"

Gwaza anati, "Ndi uyu, sadziwa kugwira khasu."

Chiphwanya anati, "Ndiwe wadzaza dzenje lonse ndi chimimba chako."

Ludzu litawagwira, Nachisale anawatsitsira madzi. Chikho chinali chimodzi. Anamwa Gwaza, napatsira Chiphwanya, naye namwa. Anthu amene sankamwerana madzi aja.

Atakwirira, Chiphwanya anakumbuka kuti lero mdzukulu ndi iyeyo. Anathamangira kukhola, nagwira mbuzi ziwiri. Anati, "Izi ndi zidzukulu za mbuzi yanga ija!" Imodzi anampatsa Gwaza. Wotsimphina uja anangogwira pakamwa.

Maiko akuluakulu aja sanamenyanenso, chifukwa njira ya nkhondo inkadutsa pakhomo pa adzukulu. Ndipo Kalichero sanakule ngakhale ndi phazi limodzi, koma sanagwadire munthu.

Ndiye iwe, ukamandiona ndasenza nkhuni kupita kumaliro kwa anthu amene satipatsa moni, usamandifunse kuti mukuvutikiranji. Wamng'ono satetezedwa ndi mkondo. Amatetezedwa ndi ntchito imene wamkulu sangadzigwirire yekha. Ukaipeza ntchito imeneyo, uigwire ndi manja awiri, koma mpando wako usapereke.

Nayo nthano yanga, pamtumbira wa Kamtedza, yathera pomwepo.