Madzi Amene Sanabwezedwe Pansi

Panali munthu wina amene ankakhala m'chigwa cha pakati pa mapiri, kutali ndi msewu. Pansi pa chigwacho panali thanthwe lotentha. Madzi a m'nthaka akafika pathanthwepo ankasanduka nthunzi. Ntchito ya munthuyu inali kuyang'anira chitsime chotulutsa nthunziyo ndi makina amene inkazungulitsa, kuti tauni ya kuseri kwa phiri ikhale ndi magetsi.

Nthunzi ikamaliza ntchito yake inkazizira n'kusandukanso madzi. Mnzake wa pantchito, mayi wodziwa za nthaka, anamuuza kuti madziwo azibwezedwa pansi. Koma kuwapopera pansi kunkadyako magetsi, ndipo munthuyu ankakonda kumva anthu a m'tauni akumutama kuti kwawo magetsi sazima.

"Achimwene," anatero mayiyo, "mukamangotunga osabwezera, tsiku lina mudzatunga mphepo."

Iye sanamve. Madziwo anawatsegulira kukhwawa. Mayiyo atatopa n'kulankhula anapempha kuti amusamutse, n'kupita.

Zaka zinadutsa. Nthunzi inayamba kuchepa pang'onopang'ono, moti iye ankadziuza kuti mwina makutu ake ndi amene akukalamba. Anakumbitsa chitsime china, kenako chinanso, koma zitsimezo zinkangolandana kochepa komweko. Mkokomo wa makina, umene unkamusangalatsa ngati mawu a mnzake, unatsika. Omutama aja anasiya kubwera. Ankadya yekha, kuyendera mapaipi yekha, n'kumalankhula ndi akhwangwala.

Tsiku lina m'mawa anatsitsa choyezera m'chitsime, poganiza kuti moto wa pansi wazima. Anapeza kuti thanthwe n'lotenthabe ngati kale. Chimene chinkasowa ndi madzi. Anakhala pansi pomwepo n'kulira, popanda womutonthoza.

Anatseka njira ya kukhwawa n'kuyamba kubwezera madzi pansi. Magetsi anacheperachepera, anthu anamunyoza, ndipo kwa nthawi yaitali palibe chinkasintha. Patapita zaka nthunzi inakweranso. Sinafike pakale, koma inakwana kuti kuchipatala cha m'tauni kuziwala.

Abale ndi alongo, ena mwa inu mwatumikira mpaka mwauma mumtima. Mumapemphera pagulu, mumayendera odwala, koma mukabwerera kunyumba mumamva ngati Mulungu anachoka. Sanachoke ayi. Moto wake sunazime. Inu ndi amene munasiya kubwerera kwa Iye panokha, pamene palibe wokuonani kapena wokutamani. Bwererani. Zitenga nthawi, ndipo ena adzati mwayamba ulesi. Koma bwererani, musanaume n'kutheratu.